Chitsamba cha Anti Katherine

Tupochile anaima ndi fosholo m'manja. Pansi panali chitsamba chomwe anali atangochidula n'kuchizula, ndipo kuseri kwa mpanda wawaya kunaima Anti Katherine, oyandikana nawo nyumba m'tawuni ya Armadale, kutsidya kwa nyanja, atagwira pakamwa.

Mtsikanayu anali atangotha miyezi inayi chibwerereni kuchokera ku Lilongwe. Loweruka limenelo, mayi ake ali kuntchito kuchipatala, anaganiza zolambula kuseri kwa nyumba kuti abzale maungu. Chitsamba chomera mumpandacho anachiyesa tchire wamba.

Anti Katherine sanakalipe. Analowa pageti n'kutola nthambi imodzi. Iwo anali a mtundu wa Aaborijini, eni dzikolo. Anafotokoza m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kuti chitsambacho anabzala ndi malemu mayi awo, atachitenga kwawo kuchipululu, kupitirira tawuni ya Kalgoorlie.

"Pepani anti, sindimachidziwa," anatero Tupochile, misozi ikulengeza.

"Ndiye bwera uchidziwe," anayankha antiwo.

Anamuonetsa timasamba take towonda, ndi duwa lofiirira lokhala ngati kalipenga, lamawangamawanga m'kati. Anatikita tsamba ndi zala n'kumununkhitsa. Fungo lake linali lamphamvu. Anati azungu amachitchula emu bush, ndipo anthu akwawo amawiritsa masambawo n'kumwa madzi ake akadwala chimfine, kapena kutsukira zilonda. Koma anamuchenjeza kuti mitundu yake ndi yambiri, ina yoopsa, choncho asadzayese payekha.

Tupochile anayankha mwamanyazi kuti kwawo chimfine amachifukiza ndi masamba a bulugama. Anti Katherine anaseka koyamba tsikulo, n'kumuuza kuti mtengo umenewo kwawo n'konkuno.

Kenako anadula timitengo tisanu ndi tiwiri panthambizo, n'kutizika mumchenga m'tizitini ta yogati. Antiwo sanamunamize: anati mwina tonse tiuma.

M'mawa uliwonse, asanathamangire sitima yopita kusukulu, Tupochile ankatiwaza madzi. Sabata yachiwiri tinauma titatu. Kenako tina titatu. Mtsikanayo anayamba kuzemba, kuopa kukumana ndi antiwo pageti.

Patatha miyezi iwiri, kamtengo kotsalako kanatulutsa tsamba latsopano. Tupochile ananyamula kachitiniko ndi manja awiri n'kukagogoda kwa Anti Katherine.

Antiwo anakalandira n'kukayang'anitsitsa. Kenako anakabwezera m'manja mwa mtsikanayo.

"Kameneka ukabzale mbali yako ya mpanda," anatero motsitsa mawu. "Ine ndizikaonera kuno. Mayi anga akanakukonda, mwana iwe."