Tochi Yosatentha

M'chaka cha 2087, mushopu ya bambo Likoswe ku Luchenza, kababu kochepa ngati njere ya mapira kanayaka pathebulo. Kuwala kwake kutagwa pakhoma, panaoneka kalendala yomwe inachotsedwapo zaka ziwiri zapitazo. Kababuko kanali ka mtundu wa eledi, koma anthu ankakatcha kumbukira, chifukwa kakaunika malo kankaonetsa zomwe zinalipo kale. Munthu akakawonjezera mphamvu, kankabwerera m'mbuyo kwambiri, komanso kankatentha koopsa.

Amene ankaonetsedwa zimenezi anali mayi Enelesi Mukhito. Amuna awo, a Fedisoni, anakwiririka mumgodi wa Chitekwe zaka khumi ndi ziwiri m'mbuyomo. Anzawo onse anathawira kumanja n'kutuluka amoyo. Iwo okha anakhotera kumanzere, m'ngalande yomwe inali ikugumuka, ndipo palibe ankadziwa chifukwa chake. Ena ankanong'ona kuti anachita dala.

Mayiwo anatulutsa tochi yapulasitiki m'chikwama. "Mundiikire kababuko muno."

"Mayi, iyi isungunuka musanawerenge n'kufika khumi," anatero a Likoswe. "Mababu awa safa ndi ukalamba, amafa ndi kutentha. Pamafunika thunthu la tochi loti lizikoka kutenthako n'kumakutaya kunja."

Anayala mathunthu atatu. Loyamba linali la aluminiyamu, lokhala ndi nthiti zoti mphepo izidutsamo, ndipo linkapirira kutentha kwa kuunika m'mbuyo mpaka zaka zitatu. Lachiwiri linali lamkuwa, lolemera ngati mwala wonolera, lofika zaka zisanu ndi zitatu lisanayambe kuwotcha dzanja. Lachitatu linali lotuwa, losalala, lopanda nthiti, lochokera kumafakitale a kumwezi.

"Ili limafika zaka makumi awiri osafunda n'komwe."

"Nanga kutenthako kumapita kuti?" anafunsa mayi Mukhito.

A Likoswe anatembenuza thunthulo m'manja. "Ndakalambira pa matochi ine. Kutentha sikuzimirira, kumangosamuka. Koma ili sindikudziwa komwe limakutaya. Ndikanakhala ine ndikanatenga lamkuwa."

"Lamkuwa silifika komwe ndikupita, bambo."

M'mawa mwake mayiwo, atanyamula tochi ya thunthu lotuwa lija, anafika kumgodi uja, womwe unatsekedwa kalekale. Roboti yolondera pachipata inawapatsa chisoti n'kuwatsegulira. Anatsika mpaka pamphambano ya ngalande ziwiri. Pofuna kuona nkhope ya amuna awo akamakhota, analowa pang'ono m'ngalande ya kumanzere, natsamira mulu wa miyala yogumuka, n'kulozetsa tochi kumphambanoko. Anapotoza kowongolera mphamvu mpaka pa zaka khumi ndi ziwiri.

M'kuwalamo munadzaza fumbi. Amuna anayamba kudutsa akuthamanga, pakamwa yasa, koma popanda phokoso lililonse. Onse ankalowera kumanja. Womaliza anali a Fedisoni, ali ndi ndevu zawo zija zosametedwa bwino, nawonso akulunjika kumanja.

Kenaka anaima.

Anakweza dzanja n'kugwira tsaya lawo ngati munthu amene dzuwa lamuwomba mwadzidzidzi. Anatembenuka, natsinzina pang'ono ndi kuwalako, ndipo nkhope yawo inamasuka. Mumgodi, kuwala kofunda kumatanthauza chinthu chimodzi chokha: khomo lotulukira kunja. Anakodola anzawo omwe anali atapita kale, n'kuyamba kuyenda molunjika pomwe panaima akazi awo.

"Bwererani, abambo," anatero mayi Mukhito. "Si kuno. Bwererani."

Zala za mayiwo zinapapasa pozimitsira. Pomwe ankapapeza, n'kuti a Fedisoni atalowa kale m'ngalandemo, pafupi moti akanatha kuwagwira malaya. Tochi inazima. Mayiwo anatsala okha mumdima, thunthu lija likuzizira m'manja ngati mwala wa mumtsinje.

Masana a tsiku lomwelo anaika tochiyo pathebulo la a Likoswe.

"Ndakudziwa komwe kutentha kuja kumapita," anatero, ndipo anafotokoza zonse, maso ali ouma.

A Likoswe anatsekera mathunthu otuwa otsalawo m'bokosi lachitsulo n'kuliwotcherera. Koma ambirimbiri anali atagulitsidwa kale m'dziko lonse, kwa amasiye ndi kwa makolo ofedwa. Chiyambire tsikulo, akamva tsaya lawo likufunda pomwe palibe dzuwa kapena moto, a Likoswe sacheuka. Amangoima n'kumadzifunsa kuti ndani akuwafunafuna ndi tochi m'zaka zakutsogoloko, nanga awasowa bwanji.