Amayi Agwadira Mbuzi

Uyu ndi Atikonda. Kwawo ndi ku Nkhulambe. Atikonda akufuna chinthu chimodzi basi. Akufuna amayi ake akwere ndege.

Amayi akewo ndi a Zelifa. Amalima nandolo. Kalabu ya alimi inawasankha kuti apite ku India. Akaone minda ya nandolo ya kumeneko.

Koma amayi anakana.

"Ine sindipita," anatero. "Ndimadziwa Chilomwe ndi Chichewa basi. Anthu ndikawapatsa moni bwanji? Akanditenga ngati wamwano."

"Musadandaule," anatero Atikonda. "Ndikuphunzitsani Chimwenye."

Atikonda anathamangira kwa a Goodman. A Goodman ndi alangizi a zaulimi. Ali ndi foni yaikulu.

"Zikomo alangizi. Ndiphunzitseniko Chimwenye."

"Chimwenye chake chiti?" anafunsa a Goodman.

"Kodi zilipo ziwiri?"

"Zimaposa makumi awiri."

"Makumi awiri!" Atikonda anagwira pakamwa.

"Amayi ako akafika m'mizinda itatu," anatero a Goodman. "Ku Delhi ndi Chihindi. Ku Hyderabad ndi Chitelugu. Ku Chennai ndi Chitamili."

Anamvera mawu pa foni. Atikonda analemba m'kope. Analemba moni. Analemba zikomo. Analembanso madzi.

Kunyumba, amayi anagwira mutu.

"Zitatu! Mayo ine!"

Anayesa. Analakwitsa. Anayesanso. Analakwitsanso.

"Zasakanikirana m'mutumu," anatero. "Ndati sindipita."

Atikonda anayang'ana pabwalo. Panali mbuzi. Panali bakha. Panali nkhuku. Atikonda anamwetulira. Akamwetulira choncho, dziwani kuti pali nkhani.

"Amayi, mbuziyi kwawo ndi ku Delhi. Imamva Chihindi chokha. Bakhayu ndi wa ku Hyderabad. Nkhukuyi ndi ya ku Chennai."

"Iwe mwana iwe! Ndizilankhula ndi mbuzi?"

"Eya. Mbuzi siseka munthu akalakwitsa."

Amayi anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Kunalibe munthu.

Koma a Zelifa sapereka moni ataimirira. Sanaleredwe choncho. Anakonza chitenje. Anagwada pamaso pa mbuzi.

"Namaste," anatero.

"Meee," inatero mbuzi.

Atikonda akanatha kunena kuti, "Imirirani amayi." Koma sananene. Anangobisa nkhope m'kope.

Amayi anagwadira bakha. "Namaskaram."

"Kwa kwa," anatero bakha.

Amayi anagwadira nkhuku. "Vanakkam."

Nkhuku inangowayang'ana ndi diso limodzi.

Lolemba anaphunzira. Lachiwiri anaphunzira. Mawu anayamba kukhala m'mutu. Mbuzi ikamwa madzi, amayi ankati, "Paani." Nkhuku ikaikira dzira, amayi ankathokoza kuti, "Nandri."

Lachitatu kunadutsa a Kaliati. A Kaliati ndi apampando a kalabu. Anali pa njinga. Anaona a Zelifa atagwada. Anaona bakha ali patsogolo pawo.

Njinga inasiya njira. Inakalowa m'munda wa chinangwa. Phofo!

"Anthuni!" anakuwa a Kaliati. "A Zelifa agwadira bakha!"

Nkhani inafika pa mjigo. "Bakha?"

Inafika ku chigayo. "Bakha ndi mbuzi yomwe!"

Masana kalabu yonse inabwera. A Goodman anabweranso. Anthu anadzaza pabwalo.

"Mayiwa mutu sukuyenda bwino," anatero a Kaliati. "Ndaona ndi maso angawa. Sangakwere ndege. Tisankhe wina."

Amayi anawerama. Manyazi anawagwira.

Atikonda sanasekenso. Anaimirira pakati pa akuluakulu.

"Pepani," anatero. "Wayambitsa ndine. Amayi ali bwinobwino. Akuphunzira moni wa ku India."

"Kwa bakha?" anafunsa a Kaliati.

"Bakhayu ndi wa ku Hyderabad."

"Bodza! Bakha ameneyu ndinawagulitsa ndine!"

Anthu ena anaseka. A Kaliati sanaseke.

"Ndiye alankhule ndi munthu weniweni," anatero. "Tione."

A Goodman anatulutsa foni. Anaimbira Mayi Selvi. Mayi Selvi ndi amene akalandire alimi ku Chennai. Nkhope yawo inaoneka pa foni.

Amayi anagwada. Anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke.

Anatsegulanso pakamwa. Zii.

"Mwaona?" anatero a Kaliati.

Atikonda anati liwiro! Anathamangitsa nkhuku. Nkhuku inazungulira khola. Atikonda anazungulira khola. Nkhuku inadutsa pakati pa miyendo ya a Kaliati. Atikonda anadutsa pomwepo.

"Iwe! Iwe!" anakuwa a Kaliati.

Gwi! Anaigwira. Anabwera nayo akupuma wefuwefu. Anaikweza pamwamba pa foni.

Amayi anaona nkhuku. Nkhuku inaona amayi.

"Vanakkam!" anatero amayi mokweza.

Mayi Selvi anatong'ola maso. Anaphatikiza manja awo. "Vanakkam, amma! Vanakkam!"

Kenako analankhula zambiri, m'Chitamili ndi m'Chingerezi. A Goodman anamasulira za Chingerezi zokha. "Akuti akudabwa. Akuti akukudikirani ndi chimwemwe."

"Nandri," anatero amayi.

Mayi Selvi anaomba m'manja.

Pabwalo panali nthungululu. Wina anagwetsa dengu. Wina anati, "Abale inu, a Zelifa akulankhula ndi India!"

A Kaliati anavula chipewa. Anakanda m'mutu.

"Apite," anatero. "Apite ndithu."

Kenako anasendera pafupi ndi nkhuku. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Ananong'ona kuti, "Vana... vanakkam."

Atikonda anamva. Anangoluma mlomo.

Anthu atapita, amayi anakhala pakhonde. Nkhope yawo inali ya nkhawa.

"Kodi nkhuku imakwera ndege?" anafunsa.

"Ayi, amayi."

"Nanga mbuzi?"

"Ayi!"

"Ndiye ndikakumbukira bwanji?"

Atikonda anang'amba pepala m'kope. Anajambula mbuzi. Anajambula bakha. Anajambula nkhuku ya diso limodzi. Amayi anapinda pepalalo. Analimanga pa nsonga ya chitenje.

Kenako anamukumbatira mwana wawo.

"Nandri, mwanangu," anatero.

"Aa, amayi!" anakuwa Atikonda. "Ine si nkhuku!"

Amayi anaseka mpaka misozi.