Dzenje Lokumbira Sewero

Nkhaniyi si yopeka. Amene akukayika akafunse a Samueli Kaphamtengo a ku Mvera, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo, munthu amene sanama ngakhale pogulitsa mbuzi. Iwowa ndi amene anaitanidwa kukaweruza mpikisano wa zisudzo pasukulu ina ya sekondale kufupi ndi Kasakula, ndipo zonsezi zinachitika masanasana, anthu ali pikitipikiti.

Masewero oyamba anali omwe aja: mwamuna chidakwa, mkazi wolongolola, anthu n'kuseka. A Samueli anali atayamba kuwodzera pamene gulu lomaliza linabwera ndi zachilendo. Mphunzitsi wawo, Chikhumbo, mnyamata wongochoka kumene ku koleji, analengeza monyadira kuti sewero lawo lilibe nsanja ndiponso lilibe oonerera.

"Nonsenu ndinu anamalira," anatero. "Dzukani mutsatire maliro."

A Samueli anang'ung'udza chifukwa cha mawondo awo, koma anatsatira. Anyamata ananyamula chithatha, ndipo pamenepo panagona Lidia, mtsikana wa Fomu 3, atamufunda nsalu yoyera. Kunena zoona, anawo ankaimba mogwira mtima, moti woweruzayo anayamba kuwakomera mtima. Koma atakhotera kuseri kwa makalasi, pamitengo ya bulugamu, anaima. Panali dzenje. Dzenje lenileni, lokumbidwa m'mawa womwewo, dothi lofiira lili mulu pambali.

Malinga ndi sewerolo, ng'oma ikalira Lidia amayenera kudzuka n'kudzudzula olirawo chifukwa chomutaya ali moyo. Ng'oma inalira. Lidia sanadzuke.

Inaliranso.

Njiwa zimene zinkalira m'mitengo zinaleka. Masamba anasiya kugwedera. M'dzenjemo munatuluka fungo la dothi lonyowa, chonsecho mvula inali italeka kalekale.

"Lidia," ananong'ona mnzake wina. "Dzuka, ndi pano."

Zii.

A Samueli anagwada n'kumugwira dzanja. Linali lozizira ngati khasu logona panja. Mtima unkagunda, inde, koma patalipatali. Anamugwedeza, anamuthira madzi kumaso, osatheka. Wina anathamanga kukafuna njinga yamoto, koma aliyense ankadziwa kutalika kwa chipatala. Mantha anawagwira a Samueli, mantha enieni: mwana wa eni ake anali kupita iwo akuona.

"Dzenjeli mumati muikamo chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Palibe, bambo," anayankha Chikhumbo. "Timati tingokwirira mawa."

A Samueli anatseka maso. Kumudzi kwawo manda akakumbidwa sasiyidwa kukamwa kuli yasa; ngati wolowamo palibe, amaikamo thunthu la nthochi. Iwo eni anali atadzudzulapo mwambowu paguwa, osati kamodzi. Anayang'ana dzenje, anayang'ana mwana.

"Kadulani nthochi. Msanga!"

Anyamata analiyatsa liwiro kumunda wa sukulu. Atabwera nalo thunthulo, a Samueli anachotsa nsalu ija pathupi pa Lidia n'kulikulunga nayo. Analitsitsira m'dzenjemo pang'onopang'ono. Pakamwa ankapemphera, manja akuchita zina, ndipo mpaka lero sanena kuti chimene chinagwira ntchito n'chiti. Anatapa dothi n'kuponya.

Linamveka ngati lagwera pabokosi.

Anaponyanso. Ana aja nawo anayamba kukankhiramo dothi ndi manja.

Pamenepo Lidia anayetsemula.

Kunali chimwemwe chosaneneka. Atsikana anamukumbatira akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Chikhumbo anangoti khwethe pansi n'kulira ngati khanda, ukatswiri wonse wa ku koleji utathera pomwepo. Anthu ena akumbuyo anaomba m'manja poganiza kuti ndi mmene sewerolo limathera, ndipo a Samueli anawasiya aombe. Iwo anatsamira mtengo, akupuma ngati munthu amene watula thumba la chimanga pamwamba pa chitunda. Wa njinga yamoto uja anapeza wodwala akumwa madzi yekha. Anamwino pambuyo pake anati mwina inali njala, poti mtsikanayo sanadye m'mawa. A Samueli sanatsutse.

Koma njinga isananyamuke, Lidia anawakodola.

"Agogo," anatero chapansipansi, "anthu aja sanakwiye?"

"Anthu ati, mwanawe?"

"A m'nyumba muja. Anali atandiyalira kale mphasa, akundiuza kuti ndivule nsapato. Kenaka pakhomo panalowa wina wamtali, wosalankhula, atafunda nsalu yanga. Mayi wina anamuyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine. Ndiye anati, 'Chabwino, tilandira ameneyu. Iwe pita.'"