Kamsomali ndi Juzi Yosachapa

Uyu ndi Kamsomali. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake. Anali mtsikana woonda ndi wowongoka ngati msomali.

Bambo ake anali kalipentala. Ankapala matabwa m'shedi, kuseri kwa nyumba. Koma bambo anadwala. Anapita nawo kuchipatala. Sanabwerereko.

Kamsomali ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti juzi ya bambo isachapidwe.

Juziyo inali yobiriwira. Inali yaikulu. Inkamufika m'mawondo. Koma inali ndi fungo la matabwa. Linali fungo la bambo.

Ankaivala m'mawa. Ankaivala masana, dzuwa likuswa mtengo. Ankagona nayo. Amayi akatenga beseni ndi sopo, iye ankabisala kuseri kwa chitseko.

Amayi sankanena kanthu. Anakhoma shedi ndi loko. Dzina la bambo silinkatchulidwa. M'nyumba munali zii.

Juzi inada. Inada bii. Inayamba kununkha thukuta.

Kusukulu, ana ankagwira mphuno. Mnzake wa pa benchi anasunthira kumapeto. Kamsomali anasiya kukweza dzanja. Anasiya kusewera. Anasiya kulankhula.

Panali mnyamata wina, ankamutchula Chiphokoso. Pakamwa pake sipankatsekeka. Tsiku lina pa buleki, anakoka juziyo.

"Kodi kwanu kulibe madzi?" anafunsa.

Ulusi unaduka. Dzanja la juzi linang'ambika. Kamsomali anamuluma pamkono. Anamuluma zolimba. Chiphokoso analira sukulu yonse n'kumva.

Ahedi anakwiya kwambiri. Anati kuluma ndi mlandu waukulu. Anatinso juziyo ikusowetsa ana mtendere.

"Uivule," anatero Ahedi. "Ukakana, uzikhala kunyumba."

Kamsomali ankakonda sukulu. Ankakondanso juzi.

Aphunzitsi ake anamumvera chisoni. Anapempha kuti ayambe waonana ndi Alangizi. Ahedi anati adikira pang'ono. Koma pang'ono basi.

Alangizi anali mayi wamtali. Ntchito yawo inali kuthandiza ana amene ali ndi mavuto. Chipinda chawo chinali kumapeto kwa khonde. Ana ankachiopa. Ankati ndi cha ana opulupudza. Limenelo linali bodza.

Kamsomali analowa. Munalibe bolodi. Munalibe ndodo. Munali timipando tatifupi ndi mapensulo amitundumitundu.

Alangizi anakhala pa kampando. Mawondo awo anatsala pang'ono kugunda chibwano.

Sanagwire mphuno. Sanamuuze kuti avule. Sanamufunse kuti walumiranji.

"Khala apa, mwanawe," anatero. "Ukafuna kulankhula, ulankhula. Ukapanda kufuna, tikhala chete tonse."

Kamsomali anakhala chete. Alangizi anakhala chete. Belu linalira. Alangizi anamuuza kuti abwerenso.

Anabweranso. Kamsomali chete. Alangizi chete.

Anabweranso. Kamsomali chete. Alangizi chete. Ahedi anadutsa pawindo. Anayang'ana juzi. Anapukusa mutu.

Kamsomali anatopa nako kukhala chete.

"Madamu," anatero, "kodi ntchito yanu ndi kungokhala chete?"

Alangizi anaseka pang'ono. Anamuuza kuti kale anali mphunzitsi. Kenako anabwereranso kukoleji. Anaphunzira za maganizo a ana. Anaphunzira za mantha. Anaphunzira za mkwiyo ndi chisoni. Analemba mayeso ovuta, nakhoza. Anayesereranso ntchito, alangizi akuluakulu akuwaona.

"Koma phunziro lovuta linali kumvetsera," anatero. "Pakamwa pangapa pamayabwa, iwe."

Kamsomali anafunsa ngati amaulula za ana.

"Zimene mwana wandiuza ndimasunga," anayankha. "Koma ngati wina akukupweteka, sindibisa. Ndimauza anthu oti akuteteze. Ndipo ndimayamba ndakuuza iweyo."

Kamsomali anagwira dzanja long'ambika lija. Analankhula motsitsa.

"Juziyi ndi ya bambo. Akaichapa, fungo lichoka. Likachoka, ndiwaiwala."

Misozi inatsika.

"Layamba kale kuchoka, Madamu. Ndimanunkhiza, osalipeza."

Analira. Analira kwambiri. Alangizi sanamuletse kulira. Anamupatsa kansalu. Anadikira.

Atatonthola, Alangizi anamuuza za kuluma kuja. Anati kukwiya si kulakwa. Koma kuluma ndi kulakwa. Kamsomali anavomera ndi mutu.

Kenako Alangizi anafunsa funso limodzi.

"Kodi fungo limeneli limapezekanso kuti?"

Kamsomali anaganiza.

"M'shedi," anatero. "Koma Amayi anakhoma."

Anati sangawapemphe kiyi. Ankaopa. Akatchula bambo, Amayi alira.

Alangizi anapempha kuti aitane Amayi. Sanakakamize. Anadikira yankho. Kamsomali analola.

Amayi anabwera akuchokera kuntchito. Nkhope yawo inali yotopa. Ankaganiza kuti mwana wachotsedwa sukulu.

Anakhala pa kampando. Kamsomali ananena zonse yekha.

Amayi anagwira pakamwa.

"Mwana wanga," anatero, "ine sindinkawatchula bambo ako. Ndinkaopa kuti ulira."

"Inenso ndinkaopa kuti mulira, Amayi."

Alangizi anakhala chete. Pakamwa pankayabwa, koma anakhala chete.

Amayi anapisa dzanja m'khosi. Anatulutsa kachingwe. Pa kachingwepo panali kiyi.

"Ndimayenda nayo," anatero. "Ndimaopa kutsegula ndekha."

"Simutsegula nokha, Amayi," anatero Kamsomali.

Amayi ndi mwana atapita, Alangizi analowa kwa Ahedi. Anapempha kuti juziyo isaletsedwe. Ahedi anakanda mutu. Anati ikachapidwa, azivala.

Kunyumba, Amayi ndi Kamsomali anaima pa shedi. Loko inali ndi dzimbiri. Amayi anapotoza kiyi. Kamsomali anawathandiza kukankha chitseko.

Fungo linawalandira. Linali fungo la matabwa. Linali fungo la bambo.

Hamala inali pa tebulo. Macheka anali pakhoma. Pansi panali utuchi wambiri. Pakona panali kampando kosamaliza. Kanali ka msinkhu wa Kamsomali.

Amayi analira. Kamsomali analira. Palibe anabisala. Anakumbatirana pakati pa utuchi.

Kenako Amayi anapukuta misozi. Anati bambo ankaimba akamapala matabwa. Anati mawu awo anali oipa zedi. Ngakhale galu wa aneba ankathawa.

Kamsomali anaseka. Anali ataiwala kasekedwe kake.

Anavula juzi yekha. Anatenga beseni yekha. Amayi anabweretsa sopo. Anachapa limodzi. Madzi anada bii. Anataya, nathira ena.

Juzi inauma pa chingwe. Amayi anasoka dzanja lija. Kamsomali anadzaza katoni ndi utuchi. Anapinda juzi bwinobwino. Anaigoneka mu utuchimo.

M'mawa anaitulutsa. Anaikung'untha. Ananunkhiza. Anapatsa Amayi, nawonso ananunkhiza.

"Bambo ako enieni," anatero Amayi.

Kiyi anaipachika pa msomali, pafupi ndi khomo. Anaipachika pamunsi, poti mwana angafikire.

Kusukulu, Kamsomali anapepesa kwa Chiphokoso. Chiphokoso nayenso anali atakhalapo pa kampando kwa Alangizi. Iyenso anapepesa ndi mawu aang'ono. Aliyense anadabwa kuti ali nawo.

Mnzake wa pa benchi anasunthira pafupi.

Pa buleki, Kamsomali anapita kumapeto kwa khonde. Anagogoda.

"Madamu, tanunkhizani."

Alangizi anawerama. Ananunkhiza dzanja la juzi.

"Matabwa," anatero.

"Ndi bambo anga amenewo," anatero Kamsomali. "Ndikuuzeni za iwo?"

Alangizi anakhala pa kampando. Anakhala chete. Kamsomali analankhula, nalankhula, mpaka belu linalira.