Sungani ndi Penti Wothawa

Sungani ankakhala ku Likhubula, m'munsi mwa phiri. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakonda kujambula. Ankajambula m'kope. Ankajambula pansi ndi kamtengo. Amayi ake akatembenuka, ankajambula pachitseko ndi khala.

Koma tsiku lina Sungani anagwa mumtengo wa mapeyala. Mkono wake wamanja unathyoka. Kuchipatala anaumanga chikhakha. Chikhakhacho chinali choyera, cholimba ngati mwala.

"Ukhale pakhomo masabata awiri," anatero adokotala. "Osathamanga. Osakweranso mitengo."

Sabata yoyamba inatha. Yachiwiri inayamba. Sungani anangokhala pakhonde, maso kuphiri.

Lolemba masana, mnzake Mwanaisha anafika akuthamanga. Anali ndi nsapato imodzi yokha.

"Sungani! Sungani! Lero tinapita kumathithi ndi Madamu!"

"Kalasi yonse?"

"Tonse! Nsapato yanga inayo yapita ndi madzi."

Mwanaisha anakhala pansi, wefuwefu.

"Madamu ati aliyense ajambule mathithiwo. Lachisanu makolo abwera kudzaona. Aliyense ali ndi malo ake pakhoma. Dzina lako lilipo kale."

"Pamwamba pa dzina langalo pali chiyani?"

"Palibe. Pali khoma basi."

Sungani anatenga pensulo ndi dzanja lamanzere. Anayesa kujambula madzi. Pensulo inapita kwina. Anayesanso. Pensulo inapitanso kwina.

"Imeneyo ndi njoka?" anafunsa Mwanaisha.

"Ndi madzi!"

"Pepa, mnzanga. Koma madzi akowo ali ndi mchira."

Sungani anaponya pensulo uko. Lachisanu linali pafupi. Ndilo tsiku loti abwerere kusukulu. Malo ake pakhoma anali opanda kanthu.

Lachiwiri m'mawa, belu la njinga linalira panja. Anali azakhali ake, a Annette. Iwowa amalemba mayina a magolosale ku Chinakanaka. Chitenje chawo chinali madonthomadontho a penti.

"Mwana wa achimwene, nkhopeyo yakwinyika bwanji?"

"Sinditha kugwira pensulo, Azakhali. Malo anga pakhoma akhala opanda chithunzi."

"Kapu utha kugwira?"

"Eya."

"Basitu. Ujambula ndi kapu."

Sungani anaseka. "Kapu ijambula bwanji?"

Azakhali anatsegula chikwama. Anatulutsa matabwa awiri aang'ono, osalala. Anatulutsa guluu wa matabwa. Anatulutsa mabotolo anayi a penti. Wakuda. Wobiriwira. Wabuluu. Woyera.

"Ameneyu ndi penti wa akiliriki," anatero. "Amasungunuka ndi madzi. Akauma amalimba. Koma ndi wotsalira kuntchito. Ndi wochepa. Tisamale."

Anayala thumba lakale pakhonde. Anaika makapu anayi aang'ono. Kapu iliyonse inalandira penti wake. Anathiramo guluu pang'ono. Anathiramo madzi pang'ono.

"Takasa," anatero Azakhali.

Sungani anatakasa wakuda. Anatakasa wobiriwira. Anatakasa wabuluu. Anatakasa woyera.

"Kweza supuni tione."

Sungani anakweza supuni. Penti anatsika pang'onopang'ono, ngati uchi.

"Wapsa ameneyo!" anatero Azakhali.

Kenaka anatenga kapu yaikulu.

"Tsopano thira muno. Wakuda ayambe. Wobiriwira pamwamba pake. Kenaka wabuluu. Woyera atsirize. Koma umve bwino. M'kapu yaikuluyi osatakasa."

Sungani anathira. Anathira. Anathira. Anathiranso.

Pomwepo nkhuku inalumphira pakhonde. Inkafuna kujompha penti wobiriwira.

"Choka apa, iwe!" Azakhali anaithamangitsa mpaka kuseri kwa nyumba.

Sungani anatsala ndi kapu. Anatsalanso ndi supuni. M'mawa uliwonse iye amatakasa shuga m'phala. Dzanja lake silinafunse. Linangolowetsa supuni. Linatakasa kamodzi. Linatakasa kawiri. Linatakasa katatu.

Azakhali atabwera, anathira pentiyo pathabwa. Wakuda sanaoneke. Wabuluu sanaoneke. Woyera sanaoneke. Panali mtundu umodzi wokha, wa matope.

Azakhali anayang'ana thabwa. Anayang'ana supuni. Sanakalipe.

"Wajambula msewu wa kwathu nthawi ya dzinja," anatero. "Dzanjali lazolowera phala. Bweretsa kuno. Supuni ndisunge ine."

Thabwa linatsala limodzi. Penti anatsala wa kapu imodzi.

"Akatha ameneyu, watha," anatero Azakhali.

Sungani anakokera kapu yaikulu pafupi. Anathira wakuda. Anathira wobiriwira. Anathira wabuluu. Anathira woyera. Kenaka anabisa dzanja kumbuyo.

Azakhali anavundikira kapu ndi thabwa. Anagadabuza zonse pamodzi. Tsopano kapu inali chozondoka pamwamba pa thabwa.

"Werenga mpaka khumi."

Sungani anawerenga mofulumira.

"Iyayi, wakuba manambala. Yambanso."

Sungani anawerenga bwinobwino. Atafika pa khumi, anakweza kapu.

Waa! Penti anatuluka yense. Anamwazika pathabwa. Woyera anakwera pa wakuda. Wabuluu analowa mwa wobiriwira. Timaso ting'onoting'ono tinatseguka paliponse.

"Akuyenda! Azakhali, penti akuyenda yekha!"

"Muonetse njira. Pendeketsa thabwa."

Sungani anagwira thabwa ndi dzanja lamanzere. Mbali inayo anaitsamiritsa pachikhakha. Anapendeketsa uku. Penti anapita uku. Anapendeketsa uko. Penti anapita uko. Thabwa lonse linadzaza mitundu.

"Ndajambula! Ndajambula ndi kapu!"

Anafuna kulumpha. Anakumbukira adokotala. Analumpha ndi zala za kumapazi zokha.

"Mathithi sakuoneka kwenikweni," anatero. "Koma n'chokongola!"

"N'chokongoladi," anatero Azakhali. "Tsopano thabwali ligone chogona. Lisaimirire mpaka liume. Masiku atatu."

Kuphiri mitambo inayamba kuda. Azakhali anakwera njinga msanga, kuthawa mvula. Sungani anapita kuseri kukasamba m'manja.

Amayi ake anafika kuchokera kumunda wa tiyi. Anali ndi dengu kumsana. Mvula inali itayamba kuwaza. Mphepo inkaikankhira pakhonde.

Amayi anaona thabwa lonyowa lili pansi. Pakhomo pamenepo, chonyowa chilichonse chimatsamira khoma. Mbale zimatsamira khoma. Lichero limatsamira khoma. Mphasa imatsamira khoma. Umo ndi mmene zimaumira msanga.

Amayi ananyamula thabwa bwinobwino. Analitsamiritsa kukhoma. Kenaka anapita kukanula zovala.

Sungani anabwera akuimba. Nyimbo inathera pakamwa.

"Amama! Penti akuthawa!"

Penti ankatsikadi. Wakuda ankatsika. Wobiriwira ankatsika. Woyera ankatsika m'mizere italiitali. Timaso tija tinatha. Pansi pankagwa madontho, tho, tho, tho.

Amayi anabwera akuthamanga, zovala zili paphewa.

"Mayo ine! Ndalakwa chiyani? Ndimati liume msanga, mwanangu."

"Azakhali anati ligone! Penti wina palibe!"

Misozi inadzaza m'maso mwa Sungani. Anatembenuka kuti Amayi asaione. Maso ake anagwera paphiri.

Kuphiri mvula inali itagwa kale. Mwala waukulu unali wakuda bii. Madzi ankatsika pamwalapo m'mizere yoyera, italiitali. M'munsi mwake mitengo inali biriwiri.

Sungani anayang'ana thabwa. Anayang'ana phiri. Anayang'ananso thabwa.

Amayi anali atawerama kale kuti aligoneke.

"Amama, dikirani! Musaligwire!"

"Si wati ligone?"

"Dikirani pang'ono. Taonani phiri. Tsopano taonani apa."

Amayi anaona phiri. Anaona thabwa. Anagwira pakamwa.

Anadikira onse awiri. Mzere woyera waukulu unatsika. Unatsikabe. Unafika pafupi ndi pansi.

"Tsopano! Ligonekeni, Amama!"

Amayi analigoneka. Sungani anathamangira kapu ya wabuluu. Pansi pake panali madontho ochepa. Anaigogoda pachikhakha. Madontho anagwera pamene mzere woyera unathera. Anafalikira pang'onopang'ono. Linakhala dziwe.

"Mathithi!" anakuwa Sungani. "Amama, ndi mathithi!"

Koma khonde lawo linali lotsetsereka. Dziwe lija linayamba kukwawira kumbali.

"Akuthawanso!"

Nthawi yomweyo bambo ake anafika, atanyowa thupi lonse. Iwo amanyamula katundu wa alendo okwera phiri.

"Akuthawa ndani?" anafunsa. "Mbuzi?"

"Penti, Ababa! Akufuna malo osapendekeka."

Bambo sanafunse zambiri. Analowa m'nyumba. Anaika mbale ya madzi patebulo. Madzi anathawira mbali imodzi. Bambo anapinda kakatoni. Anakalowetsa pansi pa mwendo wa tebulo. Madzi anasuntha pang'ono. Analowetsanso kena. Madzi anaima pakati, phee.

"Madzi sanama," anatero. "Bweretsani."

Anaika thabwa patebulo. Dziwe linaima. Amayi analivundikira ndi dengu la tiyi, kuopa ntchentche.

Tsiku limenelo banja lonse linadyera pamphasa. Tebulo linali ndi mlendo.

Lachitatu Sungani anasuzumira m'dengu. Penti anali wonyowa. Mvula inkagwa.

Lachinayi anasuzumiranso. M'mbali munali mutauma. Mvula inkagwabe.

Lachisanu anadzuka m'mamawa. Mwala wakuda unali utauma. Mizere yoyera inali itauma. Koma dziwe linali likunyezimira. Linali lonyowabe.

"Tikalinyamula m'manja, dziwe litayika," anatero Sungani. "Kusukulu n'kutali. Njira ndi yamiyala."

Bambo anaseka.

"Iwe, ukundidziwa ine? Ndimakweza mazira a alendo mpaka pamwamba pa phiri. Silinaswekepo ndi limodzi lomwe."

Anapinda nsalu, n'kupanga nkhata. Anaika nkhata pamutu. Anaika thabwa pankhata, chogona. Anaimirira njo.

Ulendo unayamba. Sungani anali patsogolo.

"Pali mwala, Ababa!"

Bambo anaudumpha. Mutu sunagwedezeke.

"Pali matope, Ababa!"

Bambo anawalambalala. Mutu sunagwedezeke.

Amayi ankabwera pambuyo ndi ambulera. Sanafunditse Bambo. Anafunditsa thabwa.

"Nanga ine?" anafunsa Bambo. "Msana ukunyowatu."

"Inu muuma nokha," anayankha Amayi. "Yang'anani kutsogolo."

Anthu a m'njira ankaima. "Mwasenza chiyani, achimwene?"

"Mathithi," ankayankha Bambo, osatembenuza khosi.

Kusukulu makolo anali atadzaza. Khoma linali ndi zithunzi zambiri. Malo amodzi okha anali opanda kanthu. Pansi pake panali kapepala ka dzina la Sungani.

Aphunzitsi awo, Madamu Sheila, anawalandira pakhomo.

"Madamu, changa sichingakwere pakhoma," anatero Sungani. "Chikaimirira chithawa."

Madamu anaganiza pang'ono. Anachotsa mabuku patebulo lawo. Analikokera pakati pa kalasi. Bambo anagwada pang'onopang'ono. Anatsitsa thabwa. Dziwe linali pamalo pake. Silinatayike ndi dontho lomwe.

Madamu anamatula kapepala ka dzina pakhoma. Anakaika pambali pa thabwa.

Ana anazungulira tebulo. Makolo anasuzumira pamwamba pa mitu yawo.

"Ndi mathithi aja!" anakuwa Mwanaisha. "Taonani madzi! Nsapato yanga inagwera apa, apa ndithu!"

Chala chake chinalunjika padziwe.

"Osakhudza!" anakuwa Sungani, Amayi ndi Bambo pamodzi.

Kalasi yonse inaseka.

"Koma Sungani," anatero Madamu, "mkono uli m'chikhakha. Wajambula ndi chiyani?"

"Ndi kapu, Madamu. Amama anandithandiza kutsitsa madziwo."

Amayi anabisa nkhope m'chitenje, akuseka.

Loweruka belu la njinga linaliranso. Azakhali anabwera ndi mabotolo ena otsalira. Anabweranso ndi matabwa atatu.

Bambo anakonza tebulo ndi mbale ya madzi. Amayi anakhala pampando, kapu yaikulu ili patsogolo pawo.

"Lero mphunzitsi ndiwe," anatero Azakhali.

"Wakuda ayambe, Amama," anatero Sungani. "Wobiriwira pamwamba pake. Kenaka wabuluu. Woyera atsirize."

Amayi anathira. Anathira. Anathira. Anathiranso. Kenaka dzanja lawo linayamba kuyenda lokha. Linkapita kusupuni.

Sungani anafika msanga. Anaitola ndi dzanja lamanzere. Anaibisa kumbuyo.

"Dzanjali lazolowera phala, Amama," anatero. "Supuni ndisunge ine."