Ngo, Ngo, Ngo pa Ulalo wa Atate

Dzina langa ndine Tiza. Nthawi imeneyo ndinali giredi 2. Ndinali wamanyazi. Ndinkawasowa atate anga.

Atate ankawotcherera zitsulo ku Kalingalinga. Ndiwo anapanga ulalo wa pa ngalande yathu. Ulalo wachitsulo. Ulalo wopita kusukulu.

Atate ankagogoda chitsulo ndi kamwala. Ngo, ngo, ngo!

"Mvera, Tiza," ankatero. "Chitsulo chabwino chimaimba."

Kenako atate anapeza ntchito ku Kitwe. Ulalo unatsala. Inenso ndinatsala.

M'mawa uliwonse ndinkagogoda ulalo. Ngo, ngo, ngo! Unali moni wanga kwa atate. Sindinauze munthu.

Tsiku lina kunabwera Ba Ngosa, mayi woyeza maulalo. Anamangirira kabokosi pachitsulo.

"Aka ni sensa," anatero. "Kamamvera ulalo. Ulalo ukadwala, kamaniuza pa foni."

Kabokosiko kanali pomwe ndinkagogoda. Ine sindinasiye.

Patapita sabata, Ba Ngosa anabweranso. Sanali kuseka. Anthu anasonkhana.

"Ulalo unjenjemera," anatero. "Katatu, m'mawa uliwonse. Sinidziwa chifukwa. Tizautseka. Mwina tizauchotsa."

Kuuchotsa? Ulalo wa atate?

Ndinagwira chitenge cha amayi.

"Ndine," ndinanong'ona.

"Wati chani, mwana wanga?" anafunsa Ba Ngosa.

Ndinatola kamwala. Ndinagogoda. Ngo, ngo, ngo!

Pa foni timizere titatu tinadumpha. Ba Ngosa anayang'ana foni. Anayang'ana ine. Anaseka mpaka misozi.

"Iwe! Kansi matenda a ulalo ndiwe?"

Anthu onse anaseka. Ine ndinabisala kumbuyo kwa amayi.

Ba Ngosa anayendera ulalo wonse. Anasuzumira pansi. Anayang'ananso foni.

"Ulalo uli bwino," anatero. "Anawotcherera apa ni katswiri."

"Ni batate banga!" ndinatero. Ndinanena mokweza. Ngakhale ine ndinadabwa.

Pa Khirisimasi atate anabwera. Amayi anawauza zonse. Atate anandinyamula mpaka pa ulalo. Anatola timiyala tiwiri.

"Osati apo, Batate," ndinatero. "Tiyeni kutali na kabokosi. Ba Ngosa angathamange futi."

Tinapita kumapeto kwa ulalo. Tinagogoda pamodzi, pang'onopang'ono.

Ngo, ngo, ngo.

Chitsulo chinaimba.