Mbale za Paukwati wa Mwana wa Alamu

Maluwa a pamanda a mwamuna wake asanafote, mayi wamasiye analandidwa makiyi a chipinda chogwiriramo ntchito. Anawatenga ndi alamu ake, akulu ake a malemu.

"Mlamu, katundu wa mng'ono wanga ndi wa kwathu. Chipindacho ndizikutsegulirani kuti mutipangire mbale za paukwati wa mwana wanga wamkazi, mukatha mulongedze."

"Ndipite kuti ndi ana, alamu?"

"Kumene munachokera kulibe denga?"

Alamuwo anamenyetsa chitseko. Apongozi a mayiyo, amene ankaimba naye limodzi kwaya, anangoyang'ana pansi.

M'chipindamo iye ndi malemu ankapanga timiphika tofeseramo mbewu. Ankasakaniza pulasitiki ndi ufa wa chimanga kuti tikakwiriridwa tiziwola m'nthaka. Pulasitikiyo saiwala mmene anaumbidwira poyamba. Ankatifunditsa n'kutiphwatalitsa kuti tinyamulike bwino, koma mlimi akativiika m'madzi otentha tinkadzukanso. Amene anaphunzira zosakanizazo ku koleji anali mayiyo, koma kuchimuna ankati nzeru zonse zinali za mwana wawo.

Mayiyo analira mpaka maso kutupa. Anagwada kuti apereke mlandu wake kwa Mulungu woweruzira amasiye, koma podzuka anaunyamulanso yekha. Sanaumbe mbale ngakhale imodzi. Anatenga timiphika, n'kutipsinja mpaka tinakhala mbale zosalala, kabowo kapansi katatsekeka.

Paphwando alamu anadziguguda pamaso pa akuchimuna kwa mkwati. "Mbalezi n'za fakitale yanga."

Ataika mpunga ndi nyama yotentha, mbale zinayamba kupindika m'manja mwa alendo. M'mphepete munadzuka, mabowo anatseguka, msuzi n'kuchuchira pa masuti ndi madiresi. Mkwatibwi analira chifukwa cha diresi lake loyera.

"Bwana, fakitale yanu ikufuna kutifesa?" anafunsa mlendo wina, anthu n'kufa nazo kuseka.

Alamu anam'peza mayiyo kukhomo kwa holo. "Mfiti iwe, wandilodzera ukwati!"

"Si ufiti, alamu. Fakitale ndi yanu, afotokozereni alendo zimene zachitika."

Alamuwo anangotembenuka n'kuzembera kuseri kwa holo.

M'mawa mwake apongozi anam'peza mayiyo akumanga katundu. Anaika makiyi pa sutikesi, misozi ili mbwee.

"Alimi akufuna timiphika, mlamu wako sadziwa poyambira. Mwanawe, ndinakuchimwira pokhala chete. Koma mdzukulu wanga uja anakulakwira chiyani?"

Apo mtima wa mayiyo unalasidwa. Anatola makiyi.

"Mkwatibwi ndikam'gwadira lero lomwe, amayi, ndipo diresi lake ndikachapa ndekha. Koma alamu abwere adzamasule okha zingwe za katunduyu, ana anga akuona."

Madzulo alamu anabwera. Anagwada pasimenti n'kuyamba ndi mtolo wa mabulangete.